Msana wa Ababa

Kope la Munira Sefu, gadiyani wa bedi 9, wodi ya amuna. Wolitola alibweze, mulibe chokoma.

Lolemba, 20 Meyi

Sisita Watipaso, nesi wamkulu wa wodi ino, andifunsa ngati ndimatha kulemba. Ndati Folomu 4 sindinachite kuitola panjira. Aseka, n'kunena kuti ndiye ndipeze kope ndizilembamo zonse: zimene Ababa adya, asanza kangati, masanziwo ndi amtundu wanji, mankhwala amwa nthawi yanji. Ndatenga kope langa lakale la Bayoloje, kumbuyo kunatsala masamba.

Matendawa ali ndi dzina tsopano. Mwezi watha ku chipatala chachikulu ku Zomba anawamezetsa kapaipi ka kamera, n'kutapa kanyama m'mimba. Pepala labwera: khansa ya m'chifu. Adokotala ati chotupacho chakhala pakhomo pomwe chakudya chimatulukira, ndipo chafika kale kuchiwindi. Za opaleshoni tiiwale. Chatsala ndi kuchepetsa ululu ndi kuwasamala.

Ababa amvetsera zonsezo atavala kanzu yawo yoyera yosita, ngati akulandira oda ya mayunifolomu. Zaka makumi atatu akusoka pakhonde pa Songani, sindinawaonepo ndi litsiro pakolala.

Lero: phala masipuni 4. Asanza kawiri, zakuda ngati madzi a makala. Magazi 6.4.

Lachiwiri, 21 Meyi

Awaika magazi paketi imodzi, kuyambira 10 koloko mpaka 2. Milomo yabwerera mtundu pang'ono.

Achimwene anga a Twahir ayimba kuchokera ku Joni. Ati abwera mapepala akalongosoka. Mapepala a achimwene akhala akulongosoka zaka zinayi tsopano.

Pa bedi 10 pali a Stewart, madala ocheza, anagwa mumtengo wa mapeyala n'kuthyoka ntchafu. Ati mapeyalawo anali a eni ake, ndiye Mulungu sanachedwe. Akazi awo amawakalipira kwinaku akuwadyetsa. Andipatsa kale dzina, ati ndine Matroni, chifukwa ndinauza wokolopa kuti pansi pa bedi naponso ndi pansi.

Ndiye pali a Nasima. Ndilembe kamodzi ndithane nazo. Amayi anga akudwala, ine ndinali ku sekondale yogonera konko. A Nasima anali oyandikana nafe nyumba kwa Malemia, ankabwera ndi beseni lawo labuluu kudzawasambitsa. Amayi anamwalira Lachinayi m'mawa, anaikidwa masana omwewo monga mwa chipembedzo chathu, ine anandiuza Loweruka nditamaliza mayeso. Patapita miyezi isanu a Nasima anakhala akazi a Ababa. Anabwera ndi beseni, anatsala ndi mwamuna. Beseni lomwelo lili pansi pa bedi 9 panopa.

Zaka zisanu ndi chimodzi sindinalawepo chophika iwo. Timapatsana moni ngati anthu okumana pachigayo.

Lachitatu, 22 Meyi

Azakhali, alongo awo a Ababa, abwera m'mawa ndi nthochi zomwe Ababa sangadye. Andikokera pakhonde.

"Mwanangu, mimba ya mwamuna siwola yokha. Mkazi uja anamudyetsa kondaine kalekale kuti amukwatire. Lero mankhwalawo atembenuka, akumudya."

Ine Bayoloje ndinakhoza bwino kuposa kalasi yonse. Ndikudziwa kuti khansa ndi chiyani. Koma sindinawatsutse, ndipo mawuwo anandikoma ngati nzimbe.

Masana Ababa anapempha phala la mpunga la a Nasima. Anachonderera ngati mwana, a Nasima n'kuwapatsa kapu yonse. Sipanapite nthawi, anasanza, ulendo uno magazi ofiira, pashiti ndi pansi pomwe. Ndinachita mantha, ndipo ine ndikachita mantha pakamwa pamathamanga.

"Mwawapatsa chiyani? Zija munawadyetsa kale sizinakukwaneni? Mwabwera kudzamalizitsa?"

Inali nthawi yoona odwala, anthu a kwathu analipo angapo. A Nasima anapukuta Ababa pakamwa, anakolopa pansi, anatsuka kapu, anakonza mpango wawo bwinobwino.

"Che Sefu, ndapita. Mwana wanu alipo."

Beseni, sopo ndi thaulo asiya. Ababa amangoyang'ana kudenga.

Awabaya jakisoni woletsa kusanza. Diripi imodzi.

Lachinayi, 23 Meyi

Sisita andiphunzitsa mofini. Ndi wamadzi, wobiriwira, wa m'botolo. Kukoka ndi sirinji yopanda singano mpaka pa 2.5, kuthira pang'onopang'ono m'mbali mwa tsaya. Nthawi zake: 6, 10, 2, 6, ndipo pogona miyezo iwiri pamodzi. Osadikira kuti ululu uyambe. Ati ululu uli ngati mbuzi, umaitchingira isanalowe m'munda. Mofini amadzimbitsa, ndiye pali timapilisi tiwiri ta madzulo.

Chakudya: phala lamadzimadzi losefa, masipuni atatu kapena anayi basi, koma pafupipafupi. Akatha kudya akhale tsonga theka la ola. Ati achibale timalakwitsa pomwepa, timaganiza kuti chikondi ndi mbale yodzaza. Mkamwa kutsuka ndi kansalu konyika m'madzi a mchere.

Ululu timayeza ndi dzanja. Nkhonya ndiye kuti palibe, zala zisanu ndiye kuti wafika posapiririka. Ababa akweza ziwiri. Sisita awayang'ana pachipumi nthawi yaitali, koma alemba ziwiri.

Chomaliza: kuwatembenuza maola awiri aliwonse, kuwasambitsa, kupaka vaselini m'zidendene, m'chiuno ndi pamsana, kuopa mabala a pogona.

"Zimenezi muzitha, a Munira?"

"Ndi masamu kodi?"

"Ayi," atero Sisita. "Masamu ndi osavuta."

Lachisanu, 24 Meyi

Ndatenthetsa madzi kukhitchini ya magadiyani, ndabwera nawo m'beseni lija.

"Ababa, madzi awa."

"Siya pomwepo, ndisamba ndekha."

Ndatchinga ndi nsalu, ndatuluka. Pobwera ndapeza madzi ali mbee, sopo wouma, thaulo lanyowa pakona pokha. Ati asamba. Munthu woti kapu ya tiyi ikumulemera.

Masana kwamveka azana kumzikiti wa kuseri kwa msewu. Ababa atembenuzira nkhope kukhoma. Tasibihi yawo, mikanda yopempherera, ili m'thumba la kanzu, sanaigwire kuyambira Lachitatu.

Phala masipuni 3, kasanu. Asanza kamodzi. Zala ziwiri.

Loweruka, 25 Meyi

Mofini nthawi zonse zisanu, sindinaphonye. Mkamwa andilola kutsuka. Mapazi andilola kupaka. Ndikangofika m'mawondo agwira bulangete.

Zala ziwiri. A Stewart ati ngati izo ndi ziwiri, iwo ndi mtsikana wa kwaya.

Lamulungu, 26 Meyi

Akazi a a Stewart andipeza pampopi ndikutsuka sipuni.

"Matroni, ine ndine mayi ako, usandilume. Bambo ako adziipitsira kuyambira dzulo. Akubisa."

Fungolo ndinalimva, ndimati likuchokera kuzimbudzi. Ndavala magolovesi, ndatenga madzi, ndafika ndi nkhope ya ntchito. Ndagwira bulangete, iwonso agwira. Mphamvu zomwe alibe pokweza kapu azipeza pamenepo.

"Ababa, ndine mwana wanu."

"N'chifukwa chake."

"Inu munkandisambitsa ine."

"Unali khanda. Zimenezo sabwezerana. Mwana wamkazi saona kumene anachokera, Munira. Ndisiyire kokhako."

Ndasiya.

Tadikira a Brighton, nesi wamwamuna, amalize madiripi ndi mabala a wodi yonse. Maola anayi. Awasambitsa mwaulemu, koma mothamanga, chifukwa pa bedi 22 wina amakomoka. Ababa amangoti pepani, pepani, ngati aba.

Chimbudzi chakuda ngati tala wa pamsewu. Sisita anati ndizilemba zimenezonso.

Lolemba, 27 Meyi

Sisita awona msana. Iwo Ababa amawalola, ati awa avala yunifolomu, ali pantchito. Pamwamba pa matako, pafupa penipeni, khungu latseguka. Bala lalikulu ngati chitsekero cha botolo. Ine sindinalione, andijambulira pachikhatho ndi cholembera.

Alitsuka ndi madzi a mchere, amata bandeji. Kenako andiitanira ku ofesi yawo.

"Odwala ndili nawo 41, manesi tilipo awiri. Bala nditsuka tsiku lililonse, imeneyo ndi ntchito yanga. Koma akagona m'chinyontho maola anayi, ndikungothira madzi m'dengu. Pakufunika manja amene iwo angawalole, okhala pompano."

Ndati ndipeza mwamuna wa kumzikiti.

"Akazi awo ali kuti?"

Ndati kumudzi, akukolola.

Sanandifunsenso. Lachitatu lija analipo.

Lachiwiri, 28 Meyi

Kwabwera a Faruku, anzawo a Ababa a kumzikiti, panjinga. Munthu wabwino, koma awasambitsa ngati akutsuka njingayo. Ndimamva Ababa akubuula kuseri kwa nsalu. Pochoka ati mawa sangathe, mpunga wacha ndipo mbalame sizidikira.

Akazi a a Stewart anadzipereka. Ababa ati mkazi wa mwini, ayi. A Stewart ati, "Mutengeni, bwana, ine ndipumeko!" Ababa amwetulira koyamba sabata ino.

Lachitatu, 29 Meyi

A Faruku sanabwere. A Brighton ali pa ofu. Ababa akukana ngakhale madzi akumwa, ndipo ndazindikira chifukwa chake: akuopa kukodza.

Azana ya masana itamveka ndawafunsa.

"Simukuswali bwanji? Shehe amanena kuti wodwala aswali chogona, ngakhale ndi maso okha."

"Zimenezo ndinazidziwa iwe usanabadwe."

"Nanga?"

Ati, "Ndine telala ine. Sindinaperekepo chovala chakuda kwa mwini wake. Thupi ili Mwini wake akulifuna posachedwa, ndipo ukumva wekha mmene likununkhira. Masiku asanu ndi awiri sindinayime pamaso pake. Ndikuopa kupita chonchi."

Imfa sakuiopa. Akuopa kupita osasamba.

Phala masipuni 2, katatu. Mkodzo pang'ono, wofiirira. Zala ziwiri, bodza.

Lachinayi, 30 Meyi

Bala lakula, Sisita ajambula ngati dzira la nkhuku. M'chiuno mbali ya kumanja namonso mwafiira.

Pondipatsa botolo latsopano la mofini ati, "A Munira, khansa ya m'chifu sibwera ndi kondaine."

"Ndikudziwa."

"Magazi a tsiku lija chinali chotupa chomwe. Kaya phala, kaya madzi, akanasanzabe."

"Ndikudziwa, Sisita."

"Mukudziwa. Ndiye munanenanji?"

Ine ndayang'ana botolo.

"Sindikukuuzani kuti muwakonde," atero. "Ine za m'banja mwanu sindilowerera. Ine ndikudandaula msana."

Lachisanu, 31 Meyi

Ndawapatsa mofini wa 10 koloko, wa 2 ndasiyira a Brighton. Ndakwera minibasi mpaka pa Songani, kenako kabaza. Podutsa pakhonde la Ababa ndaona mashini awo atawaphimba ndi thumba la feteleza. Ndayang'ana kumbali.

A Nasima ndawapeza kudambo, akupuntha mpunga palona, okha. Azimayi ena amapuntha pamodzi chapatali, akuseka. Kale amakhala nawo limodzi.

Ndapereka salamu, ayankha osasiya ndodo.

"Amwalira?"

"Ayi."

"Alhamdulillah." Apunthanso. "Ndiye?"

Mawu ndinawakonza m'minibasi monse, koma atuluka okhota. "Akukana kuti ndiwasambitse. Atuluka bala pamsana. Sakuswali. Mubwere."

Ndodo yaima. Ndaona kuti za balazo zawalasa, koma nkhope aiumitsa.

"Amawatembenuza ndani?"

"Palibe."

"Pilo pakati pa mawondo?"

"Sindikudziwa za pilo."

Akhala pathumba la mpunga, apukuta thukuta ndi mpango.

"A Munira, onani azimayi awo. Kuyambira tsiku lija palibe wondipempha mchere. Zitumbuwa ndinapita nazo pa Songani Loweruka, ndinabwerera nazo dengu lodzaza, ndinapatsa mbuzi. Ana akapita kwathu amayi awo akuwamenya. Azakhali anu akanena okha, anthu amati ndi nsanje ya mlamu. Koma ananena ndi mwana wophunzira, pachipatala, pafupi ndi madokotala. Ndiye ndi zoona basi."

"Pepani."

"Pepani wa kudambo amamva ndi achule. Ndikabwera lero n'kuwagwira, iwo n'kumwalira sabata yamawa, anthu adzati chiyani? Adzati wamalizitsa, monga munanenera. Mawuwo munawayala pawodi anthu akumva. Mukawayalule pomwepo."

Magazi anandiwira. Ndinatsala pang'ono kuwafunsa kuti nanga iwo anayalula liti mphasa ya Amayi. Koma ndinakumbukira dzira lija pachikhatho cha Sisita.

"Lamulungu azakhali abwera," ndatero. "Nthawi yoona odwala."

"Lamulungu ndi kutali kwa munthu wa bala. Ndibwera mawa. Ndikhala pakhonde. Azakhaliwo muwaitane mawa lomwelo."

Pochoka andipatsa ufa wa mpunga m'kajumbo, wosefa kawiri. Ati Ababa sakonda wa mibulu. Ndimadziwa ine zimenezo? Sindimadziwa.

Loweruka, 1 Juni

Ndilembe ndisanaiwale, ngakhale ndikufuna kuiwala.

12 koloko wodi inadzaza. Azakhali anabwera ndi azimayi awiri a kwathu. A Nasima anakhala pabenchi pakhonde, manja pamiyendo. Ndinaima pakati pa mabedi, pepala la ku Zomba lili m'manja.

"Tamverani nonse. Lachitatu la sabata yatha ndinanena kuti a Nasima anawadyetsa Ababa mankhwala. Linali bodza. Ndinkadziwa kuti ndi bodza ndikulinena. Matendawa ndi khansa, pepala lake ili, wofuna awerenge. Ndinanena chifukwa ndili nawo chifukwa china, cha ine ndekha, ndipo sichikukukhudzani."

Azakhali anati, "Iwe, mapepala a azungu amaona za kumudzi?"

"Azakhali, ngati mukudziwa za kumudzi kwambiri, beseni ilo. Alongo anu akufuna kusamba."

Anayang'ana kumbali. A Stewart anawomba m'manja okha, akazi awo n'kuwamenya ndi sipuni.

Ndinatuluka pakhonde. "Mwamva?"

"Ndamva. Ngakhale ku wodi ya azimayi amva."

Analowa. Ababa atawaona anayesa kudzuka. Anangoti, "Abiti Idi," dzina limene amawatchula kunyumba, mawu n'kuthera pomwepo.

Sikirini yotchingira odwala inali pa bedi ina, ndiye ine ndinakhala sikirini. Ndinatambasula chitenje ndi manja awiri, nditawafulatira, nkhope kuwodi. Kumbuyo kwanga ndimangomva madzi, kufinya kwa thaulo, ndi mawu apansipansi.

"Taonani mwaonda, che Sefu. Kanzu ija tilowamo awiri."

"Madziwo akutentha."

"Akutentha chiyani, ulesi basi. Gwirani khosi langa. Bisimila."

Atafika pabala ndinamva a Nasima akufwenthera.

Mikono inandiwawa ngati ndasenza matumba, koma sindinatsitse. Mphindi makumi anayi.

Atamaliza anati nditembenuke. Ababa ali mu kanzu yoyera, ndevu zopesa, akununkhira sopo, pilo pakati pa mawondo. A Nasima anawathira madzi m'manja, kumaso, m'mikono, m'mapazi, mwadongosolo lake. A Brighton anatithandiza kukhotetsa bedi pang'ono kuti iyang'ane kumpoto, kumene timayang'ana poswali. Swala ya madzulo aswali chogona, milomo yokha ikuyenda, misozi ikulowa m'makutu.

Ine ndapita kukatsuka beseni. Linali loyera kale.

Lamulungu, 2 Juni

Sisita pa raundi: "Ululu lero, bambo?"

Ababa akweza ziwiri. A Nasima ati, "Che Sefu, Mulungu akukuonani." Chala chachitatu chadzuka, kenako chachinayi.

Masiku khumi ndakhala ndikulemba ziwiri m'kope muno! Ndawafunsa chifukwa chake, ati samafuna kundiopsa. Ndati ine ndimaoneka ngati woopa? Ati eya.

Mofini akweza kufika pa 5. Agona masana onse, pakamwa pali yasa, koyamba chibwerere kuno.

Lachiwiri, 4 Juni

Tagawana ntchito popanda kukambirana. Kuchokera m'khosi kupita kumwamba, ndi m'mawondo kupita kumunsi, ndi kwanga. Pakati ndi pa a Nasima. Sirinji, kope ndi wotchi ndi zanga. Ndikati nthawi yakwana, iwo atembenuza, ine ndagwira chitenje. Shiti amalikoka mpaka lisakhale ndi khwinya ngakhale limodzi, ati khwinya ndi mpeni.

Sisita ati bala lasiya kukula, m'mbali mwayamba kuuma. M'chiuno mwasiya kufiira.

Phala la mpunga masipuni 4, kasanu ndi kamodzi. Asanza kamodzi, pang'ono. Zala ziwiri, ndipo ulendo uno a Nasima avomereza.

Masana anandisiyira mpunga ndi nyemba m'kontena. Ndapatsa a Stewart.

Lachinayi, 6 Juni

A Nasima anapita kukachapa. Ndimatsuka Ababa mkamwa, agwira dzanja langa.

"Tsiku lija la amayi ako. Abiti Idi ananyamuka kukayimba foni kusukulu. Ndinawabweza panjira ndine. Ndinati mwana alembe mayeso. Anandikwiyira sabata yathunthu."

"Bwanji simunandiuze?"

"Ukanandida."

"Ndiye munalola kuti ndide iwo."

"Eya."

"Iwonso osanena?"

"Anati mwana wataya kale mayi, asatayenso bambo."

Ndinafuna kukuwa. Koma ungamukalipire bwanji munthu amene wayasamula kuti umutsuke lilime? Ndamaliza kutsuka, ndapaka vaselini m'milomo. Mkwiyo wa zaka zisanu ndi chimodzi ndaunyamula, sindikudziwa pokautula. Ndazungulira chipatala kawiri.

Za miyezi isanu ija sindinakhululuke. Zimenezo ndi zina.

Lolemba, 10 Juni

Atitulutsa. Adokotala ati zomwe zikuchitika pano zingachitikenso kunyumba, ndipo Ababa akufuna kukaona phiri ali pakhonde pawo. Sisita atipatsa mabotolo awiri a mofini, magolovesi, mabandeji ndi nambala yawo ya foni. Aphunzitsa a Nasima kutsuka bala, ine ati ndiwaphunzitse a Nasima sirinji. Manambala sawerenga bwino, ndiye ndamanga ulusi wofiira wa Ababa pa 5.

Ndawafunsa Sisita pakhomo kuti kwatsala nthawi yaitali bwanji. Ati masabata, osati miyezi. Andigwira paphewa. Sindikonda kugwidwa, koma ndawasiya.

A Stewart ati wodi isowa Matroni, mbava za masipuni zibwerera. Ababa awalonjeza kuwasokera buluku la mwendo umodzi.

Lachinayi, 13 Juni

Kunyumba. Kukuzizira, phiri labisala m'nkhungu. Tawagoneka pamatiresi pafupi ndi khomo kuti aziona panja.

Phala masipuni 2. Madzi ndi sipuni. Mofini takweza kufika pa 7.5 titayimbira Sisita, ulusi ndasuntha. Swala zonse zisanu.

Achimwene ayimba pa vidiyo, alira, netiweki yaduka.

Loweruka, 15 Juni

Sakumezanso phala. A Nasima amafuna kuwakakamiza, akulira, ati afa ndi njala. Ndawauza zimene Sisita anandiuza, kuti thupi likamatseka zitseko silimva njala, kukakamiza n'kuwazunza. Tikungowanyowetsa milomo ndi kansalu.

Lero ndi ine ndawagwira dzanja a Nasima kuti asiye sipuni. Linali lokhakhala ngati mankhusu a mpunga.

Lolemba, 17 Juni

Akugona kwambiri. Atadzuka anandiyang'ana, anakweza dzanja, nkhonya. Sindikudziwa ngati linali bodza.

Lachitatu, 19 Juni

Mofini wa 6 koloko ndinawapatsa, madontho m'tsaya. A Nasima anawasambitsa, ine chitenje. Anawaveka kanzu yosita. Cha m'ma 9, dzuwa litangofika pakhonde, mpweya unayamba kutalikirana. A Nasima amawanong'oneza shahada, mawu a chikhulupiriro, kukhutu. Ine ndinagwira phazi.

9:20.

Aikidwa masana. Ulendo uno ndinalipo.

Loweruka, 22 Juni

Dzulo ndinabweza mofini wotsala kuchipatala, Sisita anati asakhale m'nyumba. Ndinawaonetsa kope lino, anawerenga manambala okha, mwaulemu. A Stewart ayamba kuyenda ndi ndodo. Atamva anavula chipewa.

A Faruku, amene anatsogolera amuna osambitsa thupi, abwera lero m'mawa. Anaima panja, chifukwa a Nasima ali pa eda, miyezi inayi ndi masiku khumi osaonana ndi amuna. Analankhula ndi ine mokweza kuti mawu alowe pazenera.

"Ndasambitsa maliro ambiri a anthu ogona nthawi yaitali. Misana yawo sindifuna kuikumbukira. Wa che Sefu unali woyera. Kabala kamodzi, kouma. Amene anagwira ntchito imeneyo, Mulungu awalipire."

Mkati munamveka kulira, kwapansipansi.

Masana a Nasima anaphika mpunga ndi nyemba. Azakhali akadali pano, ndi azimayi atatu a maliro. Mbale itafika pamphasa anayamba kuyang'anana. Wina ati wadya kale, wina ati m'mimba. Azakhali ati adikira tiyi.

Ndasamba m'manja, ndakokera mbale kwa ine. Ndadya pang'onopang'ono, onse akuona, mpaka pansi pa mbale. A Nasima anaima pachitseko cha kuchipinda, sipuni ili m'manja.

Mchere unachepa. Ndawauza.